Injini yakale ya boti ikamafooka pamene yasenza katundu

Pa mavuto onse a injini amene takumana nawo m'maphunziro athu a umakaniko kuno ku Zomba, limene landiganizitsa kwambiri ndi la injini yakale ya boti imene imalira bwinobwino ili padoko, koma n'kufooka mwadzidzidzi boti likangosenza katundu ndi kulowa pakati pa nyanja. Vutoli ndi losautsa chifukwa limabisala mmisiri akakhala pafupi, n'kudzaonekera pamene woyendetsa boti ali yekha ndi anthu amene wawanyamula, mtunda uli kutali.

M'kalasi timagwira kwambiri injini za galimoto, choncho kuti ndimvetse za injini zomangirira kumbuyo kwa boti ndakhala ndikupita padoko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kukaonerera ndi kuthandiza bambo wina wachikulire amene amakonza injinizi. Zimene amabweretsedwa kawirikawiri ndi zija zimene petulo wake amasakanizidwa ndi oyilo m'thanki momwemo, ndipo ntchito yake ndi yolemetsa: kunyamula anthu, njinga, matumba a ufa ndi a matemba pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, nthawi zina mpaka kutsidya. Nyanjayi payokha siichitira chifundo injini. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, madzi ake ndi amatope, ndipo m'mbali mwake mwadzaza njedza. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Madzi akathawa chotero injini zimakhala miyezi yambiri zitangoikidwa m'nyumba, mafuta otsalira m'kabuleta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya, amauma n'kusiya zomata ngati utomoni, ndipo mipira ya m'kati imalimba n'kuyamba kung'aluka.

Chimene chinanditsegula maso ndi chifukwa chake injini yodwala imatha kulira bwino padoko. Ikamangolira pang'onopang'ono, mafuta amadutsa pa kajeti kakang'ono ka m'kabuleta, kabowo koyeza mafuta olowa m'injini, ndipo amafunika ochepa zedi. Woyendetsa akapotokola chogwirira kuti aonjezere moto boti litalemera, ntchito imasamukira pa jeti yaikulu, ndipo mafuta ofunika amachuluka kambirimbiri. Kukuwitsa injini giya isanalowe sikuyesa njira imeneyi mokwanira, pakuti injini yopanda chokankha imathamanga kwambiri ngakhale khomo la mpweya litangotseguka pang'ono. Moto wa papulagi nawo uli chimodzimodzi: umadumpha mosavuta mpweya wa m'silinda ukakhala wochepa, koma mpweyawo ukapanikizika kwambiri pamafunika mphamvu ya magetsi yochuluka, ndipo koyilo, imene imapereka magetsiwo kupulagi, ikatopa imalephera pomwepo. N'chifukwa chake bambo aja sakhutira ndi injini imene yalirira m'mgolo wa madzi basi.

Funso limene amayamba nalo kwa mwini boti ndi limodzi: "Achimwene, pamene boti limafooka, phokoso la injini limakwera kapena limatsika?" Yankho lake limagawa ntchito pawiri. Ngati injini ikukuwa kwambiri koma liwiro la boti likutsika, injiniyo ili bwino ndipo vuto lili kumunsi. Pakati pa pulopela pali mpira umene umaigwirizanitsa ndi chitsulo chozungulira, ndipo mpirawo ukakalamba, kapena pulopela ikamenya pansi m'madzi osaya ngati a ku Chilwa, umayamba kuterereka katundu akachuluka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Amalemba mzere wa penti kuchokera pakati mpaka pathupi la pulopela, boti n'kuyenda pang'ono litasenza, ndipo mzerewo ukapezeka utasemphana ndiye kuti mpira waterereka. Ngati phokoso likutsika, choyamba ndi kuzimitsa injini, kuipendeketsa ndi kuona ngati udzu kapena chidutswa cha ukonde sichinakulungane ndi pulopela. Pakakhala poyera, otsala ndi mafuta, moto ndi kutentha.

Pa zitatuzi mafuta ndiwo amafuna nthawi yambiri, ndipo njira yake imatsatidwa kuyambira kuthanki. Pachivindikiro cha thanki pali kachipangizo kolowetsa mpweya, kamene anthu amakatseka ponyamula thanki kuti petulo asatayike. Kakaiwalika chitsekere, kapena kakatsekeka ndi fumbi, injini imayenda bwino kwa kanthawi kenako n'kuyamba kukomoka, chifukwa mafuta sangatuluke m'thanki imene mpweya sukulowamo. Kampira kopopera mafuta kamene kali papaipi kamaulula zambiri. Kakaphwa n'kukhala chophwanyika injini ikuyenda, chatseka njira chili kumbali ya thanki. Ngati injini ikutsitsimuka nthawi iliyonse imene munthu wakafinya, ndiye kuti pampu ya mafuta yafooka kapena paipi ikuyamwa mpweya penapake pamene yang'aluka. Kukoka pang'ono choko, chimene chimachepetsa mpweya wolowa m'kabuleta, pa nthawi imene injini ikufooka kumathandizanso: ikadzuka, mafuta akuchepa; ikatsamwa kwambiri, vuto si kuchepa kwa mafuta ayi.

Petulo weniweniyo amayeneranso kuonedwa ndi maso. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndiponso amaononga mipira ndi mapaipi akale amene sanapangidwe kuti azimupirira. Kunyanja mafuta amayenda m'zigubu zimene zadutsa m'manja ambiri, mafunde amawaza madzi pathanki, ndipo madziwo amakakhazikika pansi, pomwe paipi imayamwira. Kuthira mafuta pang'ono m'botolo loonekera m'kati n'kulisiya lidekhe kumaonetsa madzi atapatukana pansi. Ndinaonanso kuti ambiri amathira oyilo mongoyerekeza. Pa injini ngati Yamaha Enduro muyezo wodziwika ndi lita imodzi ya oyilo pa malita 50 a petulo, kutanthauza mamililita 400 pa chigubu cha malita 20. Oyilo akachuluka amadetsa mapulagi ndi kuunjika mwaye potulukira utsi, ndipo akachepa zitsulo zimadyana.

Tsiku lina munthu wina anabweretsa injini ya masilinda awiri imene inapambana mayeso onse a kuthanki, koma inkadzuka akakoka choko. Bambo aja anayala chiguduli choyera pathabwa, anamasula kambale ka pansi pa kabuleta, ndipo pansi pake panali timadontho ta madzi ndi tinyenyeswa tofiirira. Anachotsa jeti yaikulu, anaikweza kuloza kudzuwa n'kundipatsa kuti ndisuzumire. Kuwala kunkadutsa ndithu, koma bowolo silinali lozungulira, mbali imodzi inali itamatidwa ndi zouma zija. Nditawafunsa kuti, "Bambo, kodi singano siingachotse zimenezi msanga?" anandikaniza. Jeti ndi yachitsulo chofewa, ndipo singano imakulitsa bowo moti muyezo wa mafuta sudzabwereranso. Anaiviika m'mankhwala otsukira, anapisamo kawaya kamodzi kofewa ka mkuwa kochokera m'nthambo yamagetsi, kenako anauziramo mpweya mpaka bowo linaoneka lozungulira bwino.

Pamenepa ndi pamene ndinaona kuopsa kwenikweni kwa vutoli, ndipo ndikuona kuti woyendetsa boti aliyense ayenera kukudziwa. M'injini yamtunduwu oyilo amalowa limodzi ndi petulo. Mafuta akachepa oyilo nayenso amachepa, moto wa m'silinda umatentha kuposa muyezo, ndipo munthu akaumirira kupotokola chogwirira kuti afike msanga kumtunda, pisitoni imafufuma n'kukanirira m'silinda, kapena kubooka pamwamba. Vuto limene likanatha ndi kutsuka jeti limasanduka logula zipangizo zodula zimene sizipezeka pafupi. Injini ikayamba kufooka, chanzeru ndi kuchepetsa moto mpaka pamene ikulira mosadodoma ndi kuyenda pang'onopang'ono, ngakhale okwera akudandaula kuti dzuwa likuwalowera.

Za moto sizitenga nthawi yaitali. Pulagi yabwino imakhala yofiirira pang'ono kunsonga. Yakuda ndi yonyowa imasonyeza oyilo wochuluka kapena moto wosakwanira. Yoyera mbee imachenjeza za kuchepa kwa mafuta ndi kutentha. Pa injini ya masilinda awiri, silinda imodzi ikasiya kuyaka mphamvu imagwa nthawi yomweyo ndipo injini imanjenjemera. Koyilo yokalamba ili ndi khalidwe lake: imagwira ntchito ikazizira, imalephera ikatentha, ndipo boti likayandama kwa kanthawi injini imaliranso ngati palibe chachitika. Ngati silinda iliyonse ili ndi koyilo yake, kusinthanitsa makoyilo awiriwo n'kuona ngati vuto lasamukira kusilinda ina kumathetsa kukayika popanda kugula kanthu.

Kutentha nako kumadziwika ndi kamadzi kamene injini imalavula kumbuyo. Kakafooka kapena kusiya, ndiye kuti mabowo oyamwira madzi atsekeka ndi matope, kapena mapiko a kampira kopopa madzi atha, ndipo m'madzi amatope a ku Chilwa kampirako sikakhalitsa. Injini yotentha imatsika mphamvu pisitoni ikayamba kuthina, ndipo pamenepo iyenera kuzimitsidwa popanda kuzengereza.

Mabuku athu amaika kuyeza mphamvu ya kupanikiza kwa masilinda pakati pa mayeso ena onse, koma maganizo anga ndi akuti pa injini yakale kuyenera kuchitika koyambirira ngati choyezera chilipo. Masilinda awiri akasiyana kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10, kapena onse akatsika kwambiri, kutsuka kabuleta sikungabweze mphamvu, ndipo ndi chilungamo kumuuza mwini boti asanaononge ndalama pa mapulagi ndi mapaipi atsopano.

Chimene ndikuona kuti chimasowa kawirikawiri ndi ulendo woyesera. Petulo ndi wodula, ndipo mwini boti akamva injini ikulira padoko amafulumira kulipira n'kupita. Bambo aja salola zimenezo. Amauza mwini boti kuti akweze matumba kapena aitane anyamata angapo akhale m'boti, nkhafi zili pafupi, kenako amayenda chakufupi ndi doko pa moto wonse kwa nthawi yokwanira kuti injini itenthe, iwo dzanja lili pa kampira kopopera mafuta, maso ali pa kamadzi ka kumbuyo. Amasintha chinthu chimodzi chokha pakati pa ulendo wina ndi unzake, kuti adziwe chimene chachiza. Mtengo wa petulo wa ulendowo amaunena poyamba pomwe pokambirana za malipiro, ntchito isanayambe.