Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Matope a ku Kochi

Paja tinalekezera nditangofika ku Kochi, pachilumba cha Shikoku ku Japan. Ntchito imene aphunzitsi anga anandipatsa inali ya matope. Ku Kochi Core Center kuli zipinda zozizira momwe amasungamo matope okumbidwa pansi pa nyanja, ali m'mapaipi aatali ong'ambidwa pakati. Ndinkalowamo nditavala jekete, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndinakopeka ndi a ku Japan Trench, phompho la pansi pa nyanja lomwe malo ena kuya kwake kumafika makilomita 8. Kumeneko matope amadikha pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Koma pa 11 Malichi 2011, chivomerezi cha Tohoku, dera la kumpoto chakum'mawa kwa Japan, chinagwedeza mapiri a m'madzi, matope a m'malo otsetsereka nkukokolokera m'phomphomo nthawi imodzi. Ofufuza anawerengetsa kuti tsoka limodzi lomwelo linatsitsira kumeneko kaboni woposa matani 1 miliyoni, wochokera ku zomera ndi tizamoyo takufa. Pansi pa matope a 2011 pali enanso okhuthala, a zivomerezi za m'zaka za 1454 ndi 869.

Chinandigwira mtima si kukhuthalako ayi, koma zochitika m'katimo. Matopewa amabwera ndi chakudya. Tizilombo tosaoneka ndi maso timachidya mpaka okosijeni atatha, kenako timayamba kupumira salifeti, mtundu wina wa mchere wa m'madzi a m'nyanja, ndipo naye akatha, tina timayamba kutulutsa mpweya wa methane. Tinkafinya matope kuti tipeze timadzi tobisala m'kati mwake, madontho ochepa chabe, nkumayeza. Ena ankanunkha ngati dzira lowola. Manja ankachita dzanzi, koma sindinkafuna kuweruka. Chivomerezi chomwe chinapha anthu oposa 15,000, pansi pa nyanja chikudyetsabe zamoyo. Zimenezi zinkandisowetsa tulo.

Nditawafotokozera mayi anga pa foni, anakhala kaye chete, kenako anati, “Mwana wanga, nanga chija cha ku Salima, chinasiyanso chizindikiro m'nyanja yathuyi?” Ankanena chivomerezi cha mu Malichi 1989, chomwe chinawagonetsa panja ine ndili kumsana. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo madzi ake apansi alibe okosijeni, choncho matope ake sasokonezedwa ndi nyongolotsi. Mawa lake ndinakagogoda pa ofesi ya aphunzitsi anga kukapempha kuti kafukufuku wanga akhudzeko nyanja ya kwathu.