Kani nkhani yonse inali pa chaka chimodzi chija

Abale, lero ndiye ndapumako. Masabata awiri ndakhala ndikuvutika ndi funso limodzi la kosi yathu yofananiza malamulo a mayiko: zimatheka bwanji kuti ku America munthu woti khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa chidani (kulakwira munthu chifukwa chodana ndi mtundu, khungu kapena chipembedzo chake) n'kukagulabe mfuti? Za Second Amendment (gawo la malamulo aakulu a America lopereka ufulu wokhala ndi mfuti) ndi Heller (mlandu wa 2008 wa ku khoti lalikulu la dzikolo wokhudza ufulu umenewu) sindibwereza, tonse tinaziloweza kalekale.

Chandimasula ndi timawu tochepa ta mu Gun Control Act ya 1968, lamulo la dziko lonse la America lonena za anthu osaloledwa kukhala ndi mfuti. Lamulolo silifunsa ngati munthu anapalamula chifukwa chodana ndi khungu kapena chipembedzo cha mnzake. Limangoyang'ana kukula kwa chilango: kodi mlanduwo ukhoza kumutsekera kupitirira chaka chimodzi? Mumve bwino, ukhoza. Kaya woweruza anangomupatsa miyezi itatu, ngati chilango chake chimafika poposa chaka, mfuti aiwale. Koma wolemba mawu oopseza pa khoma la mzikiti, mlandu wake n'kugwera ku misdemeanor (gulu la milandu ing'onoing'ono ya chilango chochepa), lamulo la dziko lonse lilibe naye kanthu. Ine ndinkangosakasaka mawu oti chidani m'chigawo chimenecho cha lamuloli, pomwe mulibemo n'komwe!

Bowo ngati lomweli analitseka mu 1996 kwa ochitira nkhanza anzawo m'banja, kudzera mu Lautenberg Amendment, lamulo lowaletsa mfuti ngakhale mlandu wawo utakhala misdemeanor. Za chidanizi Bob Casey, yemwe anali seneta, anabwera nayo kangapo Disarm Hate Act, bilo yoletsa mfuti kwa olakwa pa milandu yotereyi, ku Senate (imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku America), osadutsa. Boma la California, chigawo china cha America, linangodzipangira lamulo lake mu 2017: wolakwa pa mlandu wotere, zaka 10 osagwira mfuti.

Njira yanga yowerengera ndi iyi. Ndinakopera chigawocho pamanja kuseri kwa kalendala yakale, n'kuzunguliza mneni aliyense ndi bolopeni yofiira. Ndikunenetsa, ine zimenezi zimandithandiza pa mayeso a zamalamulo. Manotsi ojambulitsa aja ndi kutaya ndalama chabe.

Chondipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anathera ola lathunthu pa mlandu wa Bruen wa 2022 (wokhudza kuyenda ndi mfuti pagulu), za chaka chimodzizi n'kungoti mukawerenge nokha. Tiwerenge nthawi yanji, mayeso ali Lachiwiri?

Pomwe ndaimabe ndi pa mlandu wa Rahimi wa 2024. Oweruza 8 a khoti lalikulu la America anavomereza kuti munthu amene khoti lamuona kuti ndi chiopsezo kwa mnzake akhoza kulandidwa mfuti, woweruza Clarence Thomas yekha anakana. Koma paja Rahimi, mwini mlanduwo, khoti linali litamuona kuti ndi chiopsezo kwa munthu wodziwika, mayi wa mwana wake. Nanga wolemba pakhoma uja, yemwe amadana ndi gulu lonse osatchula dzina la aliyense, mfundo imeneyi ingamugwire? Mtima ukuti inde, koma cholemba papepala Lachiwiri ndiye kaya.