Zikomo anamwino ndi omasulira a m'wodi ya opaleshoni ya ubongo ndi msana

Ife ochita opaleshoni ya ubongo ndi msana tikuthokoza ndi mtima wonse inu anamwino ndi omasulira amene mumakhala pambali pa bedi n'kumaphwanyira odwala ndi abale awo mawu athu ovutawa.

Ndinu amene mumalongosola kuti pa craniotomy timatsegula chigaza n'kubwezeretsa fupa tsiku lomwelo, pomwe pa craniectomy fupalo timalisunga kaye kuti ubongo wotupa upeze malo. Akamva zimenezi, abale sagonekanso wodwala chotsamira mbali yopanda fupayo. Mumawagwira dzanja n'kuwawerengera mafupa a msana: C1 mpaka C7 m'khosi, T1 mpaka T12 kuseri kwa chifuwa, L1 mpaka L5 m'chiuno.

Koma makamaka zikomo pa nkhani ya shunt. Mayi wa mwana amene tamuika shunt akamvetsa kuti ndi kapaipi kochotsa madzi ochuluka muubongo kupita nawo m'mimba, ndiponso kuti kangathe kutsekeka kapena kulowa tizilombo, sadikira kuti kuche. Mwana akangoyamba kusanza, kutentha thupi, kuwodzera mopitirira, kapena liwombo likafufuma, amamubereka kumbuyo n'kuthamangira kuchipatala, ife n'kumuthandiza ubongo usanapanikizike. Zikomo kwambiri.