Kabowo ka pa elbow kamene sindikapeputsa

Anthu akamva kuti kebulo ya magetsi ya pansi pa nthaka ikakalamba imatha kupoperedwa mankhwala m'malo moikumba, amafunsa za mankhwalawo. Ine mtima wanga umakhala pa khomo limene mankhwalawo amalowera.

Makebulo ambiri a magetsi a mavoti 15,000, 25,000 ndi 35,000 ndi okutidwa ndi pulasitiki ya XLPE, imene akatswiri a General Electric anaitulukira mu 1963. Pofika 1969, ofufuza a ku Japan anali ataona kuti chinyezi chikakumana ndi mphamvu ya magetsi chimaboola timinjira m'pulasitikimo, timene amatitcha water trees. Timakula mwakachetechete kwa zaka, mpaka tsiku lina kebulo n'kuphulika. Mankhwala ake ndi a silikoni, ndipo ntchitoyi inayamba m'ma 1980. Timawapopera m'timipata ta pakati pa mawaya opotana a aluminiyamu kapena kopa, iwo n'kumalowerera m'pulasitiki, kumwa madzi aja, kukhuthala n'kudzaza timinjirato. Tisanayambe timatumiza kaye mpweya. Ukapanda kutulukira mbali inayo, ndiye kuti penapake panatsekeka.

Tsono nkhani ili pa elbow, cholumikizira chopindika cha labala chimene chimagwiriza kebulo ku thiransifoma. Elbow yopoperapo mankhwala ili ndi kabowo kochokera kunja mpaka m'kati mwenimweni, pamene pali waya wamoyo. Kunjako labala wake ndi wolumikizidwa ku nthaka. Pakati pa magetsi masauzande ambiri ndi nthaka pamatsala mtunda wosaposa chala, ndipo chimene chikutchinga pamenepo ndi kachotsekera basi.

Pa njira yopopera pang'onopang'ono, magetsi amayatsidwanso botolo la mankhwala lili chilumikizire, ndipo limasiyidwa kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo. Mankhwala oyera sadutsa magetsi. Koma amene ayenda m'kebulo yakale amanyamula madzi ndi zonyeketa za aluminiyamu, ndipo zimenezo magetsi amadutsamo bwinobwino. Nthawi imene ndimapuma mobanika ndi pochotsa chivindikiro cha kapaipi kochokera ku botolo kuti tiike chotsekera chokhalitsa. Masekondi ochepa amenewo kabowo kali pululu, konyowa. Moto ukathetheka pamenepo umapeza mankhwala oyaka msanga ali pafupi, ndipo munthu waima pa mtunda wongofanana ndi kutalika kwa ndodo yake yosadutsa magetsi.

N'chifukwa chake ndimakonda kwambiri zolumikizira zokhala ndi valavu yodzitseka yokha kapaipi kakangochoka. Zina amaziika kanthu m'kabowomo kosunga mankhwala oyera kuti mpweya usatsegule njira ya magetsi. Kumene kungatheke kuzimitsa magetsi, njira inayo imandikhazika mtima pansi koposa: kachitsulo kamafinyiridwa kumapeto kwa kebulo, mankhwala amakankhidwa mwamphamvu, kabowo n'kukhomedwa ndi kapini, zonse tsiku lomwelo. Koma si paliponse pamene anthu angakhale opanda magetsi maola angapo.

Chotsekera chilichonse ndimachitembenuza m'manja ndisanachiike. Mphete ya labala ya pa chotsekeracho ndimaiyendetsa chala mozungulira, chifukwa kamchenga kamodzi kapena kamng'alu kosaoneka bwino n'kokwanira kuti mankhwala azichucha ndi chinyezi chizilowa. Ndikaona kunyezimira ngati mafuta m'mphepete mwa chivindikiro, sindidikira mawa. Ndiponso sindilola kusakaniza chotsekera cha kampani ina ndi elbow ya kampani ina, ngakhale zioneke ngati zalowana.

Pali china chimene chimandisowetsa mtendere. Elbow zambiri zili ndi kachivindikiro ka poyezera ngati muli magetsi, ndipo kameneko sikafika ku waya wamoyo. Ka pa kabowo ka mankhwala kamafika. Mnzathu wobwera usiku kudzakonza vuto lina, atanyamula tochi, angakoke kolakwika. Choncho elbow iliyonse imene tapoperapo ndimaimangirira chikwangwani cholembedwa zilembo zikuluzikulu, pamalo oti aone asanatambasule ndodo yake.