Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Holide ya eni ake ku Bazaruto

Takhuta nonse amene munakomenta pa gawo lapita lija, makamaka achemwali a ku Bangula amene simukundipatsa mpata mu inbox ati nkhani yathera panjira bwanji kkkk. Paja ndinalekezera pomwe ndinachoka ku Beira nkukapeza ganyu yophika pa kaloji kena ku Vilankulo. Zaka za pamenepo palibe chokamba, kunali kuphika ndi kugona basi.

Nde mu 2018 bwana wina wa ku Durban ananditenga kuti ndikhale kuki pa boti lake la matanga, lija la mimba ziwiri amati catamaran. Kwawoko June ndi July ndi nyengo yozizira komanso ana amakhala atatsekera sukulu, nde banja lonse limathawira ku zilumba za kufupi ndi Vilankulo, lero Magaruque mawa Benguerra mkuja Bazaruto, mphepo ikalola injini amazimitsa nkukweza thanga boti nkumangoyenda lokha. Ine mwana wa ku Ndindi ndinkadziyesa katswiri wa madzi chifukwa ndinakulira pa bwato, koma nyanja yamchere ndi nkhani ina abale, madzi amaphwa kawiri pa tsiku mpaka pamene m'mawa panali nyanja masana mukuyendapo ndi miyendo, kaputeni asanaponye nangula amayamba waona kaye nthawi ya madzi apo ayi boti likhala pamchenga. Madzi akumwa ochita kuyeza, mbale kutsukira amchere nkutsukuluza ndi kakapu kamodzi. Chimene chinkandipweteka mutu ndi nsomba. Munthu kulimbana nayo mpaka thukuta, nsomba yotalika ngati mwana wa sitandade 1, kuijambula, kenako nkuibwezera m'madzi eti! Ife amene mlamba sitisiya ndi mutu womwe. Malo ena ngati Two Mile Reef kuwedza nkoletsedwa kumene poti zilumba zonsezi zili mu paki ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1971, kuli nyama ina yosowa amati dugong imadya udzu wa pansi pa madzi.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzengereza kulemba.

Kuseri kwa Bazaruto netiweki kunalibe. Titafika pa Santa Carolina, kachilumba kamene kali ndi bwinja la hotela yakale, ana a bwana akusambira, ine ndili m'kichini ndikusenda nkhanu za chakudya chamadzulo, foni inangoyamba kulira mthumba mosalekeza. Mameseji onse analowa nthawi imodzi. Woyamba mayi adwala. Wachiwiri tawatengera kuchipatala pa njinga. Wachitatu achimwene imbani chonde. Wotsatira mayi atisiya. Womaliza unali wa mlongo wanga, taika dzulo, tinakudikirani. Ndinawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, nkubwereranso pamwamba pamene mayi anali adakali moyo, manja akununkha nkhanu, panja anthu akuseka. Misozi sinabwere. Ndinamaliza kusenda, ndinakazinga, ndinaika patebulo ndi mandimu ake, ndipo mpaka lero fungo la adyo pa mafuta otentha limandibwezera pomwepo. Anali dona amene anaona kuti mbale ikunjenjemera m'manja mwanga nkundifunsa, apo ndi pamene ndinakhala pansi nkulira ngati si bambo wa ana.

Azungu amenewa ndisawanamizire, anandilipira mwezi wonse ndipo kutacha anandikweza pa ngalawa ya asodzi yopita ku Inhassoro. Kuchoka apo ndi ma chapa, maminibasi a ku Mozambique, kuwoloka Save, Muxungue, Inchope, Caia, kenako Sena, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana kufika Mutarara, kudzalowera pa Marka. Ndinapeza anthu atabalalika kale, chitenje cha mayi chidakali pachingwe.

Malume aja mukuwadziwa, omwe aja a nkhani ya ng'ombe mu gawo 3, anaima pakati pa abale nkunena kuti mwanayu anasankha kudyerera ndi azungu pa holide mayi ake akufa. Tsiku limenelo ndinangoti zikomo malume chifukwa pamaliro sakanganirapo. Koma ndikudziwa ana anu amakuwerengerani tsamba lino nde lero mumve. Holide inali ya eni boti, ine ndinkadzuka 4 koloko nkumagona pa kabedi koti kutembenuka sungathe. Madzi osefukira a 2015 atagwetsa nyumba ya mayi, njerwa ndi malata anagula ndani? Mankhwala awo a BP mwezi ndi mwezi ankachokera mthumba mwa ndani? Ngongole ya bokosi amene anabweza ndi yemwe uja wodyerera ndi azunguyo, inu munabwera ndi nkhuku imodzi nkubwerera ndi njinga ya malemu.

Ena mufunsa ngati ndinabwererako ku boti. Eee ndinabwerera July wotsatira, ana amafuna fizi, ndipo za ulendo umenewo ndi mmene ndinakumanirana ndi mayi a Junior ndilemba Loweruka magetsi akakhalapo.