Usiku umene nalimata wanga anaduka mchira

Inali cha m'ma 9 koloko usiku pamene ndinamva phokoso m'bokosi lagalasi. Ndimaweta analimata awiri a mtundu wa leopard gecko, aja amawangamawanga ngati kambuku, amene kwawo kwenikweni ndi kumadera ouma a Afghanistan, Pakistan ndi India. Ndinkawasunga pamodzi poganiza kuti akazi okhaokha sangamenyane. Nditayatsa getsi, ndinapeza mchira wa wamng'onoyo uli pamchenga ukuphiriphitha wokha. Mwini wake anali atabisala kuseri kwa mwala, pantchafu yakumbuyo pali bala la mano likutuluka magazi.

Mtima unandiuza kuti ndimutole msangamsanga, koma ndinadziletsa. Nalimata wamantha ukamugwira mwamphamvu amapalapata, bala n'kung'ambika. Ndinayamba ndatulutsa wolumayo, kenako ndinasamba m'manja ndi sopo. Kusambako n'koteteza tonse awiri, chifukwa nyama zokwawa zimanyamula tizilombo ta Salmonella, ndiponso manja athu amanyamula zawo zimene zingalowe pabala. Nditatero ndinagoneka kakontena kapulasitiki patsogolo pake, n'kumamukankha pang'onopang'ono kumbuyo mpaka analowa yekha.

Ndinamukonzera bokosi lina lapulasitiki lobowola pachivundikiro. Pansi ndinayala mapepala oyera opukutira m'manja, ndinaikamo kobisalamo kamodzi ndi kambale kamadzi kosazama, basi. Mchenga ndiye ayi. Umamatirira pabala lonyowa, ndipo kuuchotsa kwake n'kumuvulaza kachiwiri. Papepala loyera umaonanso dontho lililonse la magazi kapena zotuluka pachilonda.

Chimene chimaopsa maso ndi chitsa cha mchira, pomwe chimene chimafuna chisamaliro chachikulu ndi bala la mano. Mchira wa nalimata unapangidwa kuti uziduka. M'mafupa ake muli malo ofooka, ndipo nyamayi ikaona zoopsa imakoka minofu yake, mchira n'kuthothokera pomwepo, mitsempha ya magazi n'kudzitseka yokha. N'chifukwa chake pachitsa paja panali timadontho tiwiri titatu chabe. Sindinapakepo kanthu, ndinangotsukapo mchenga ndi madzi amchere a ku famase, aja a 0.9%. Mchira wodukawo sungalumikizidwenso. Ndinautaya.

Pantchafu ndi pamene ndinakhalitsa. Ndinanyowetsa kansalu ka bandeji ndi madzi amchere aja, n'kupsinja pabala mofatsa kwa mphindi zingapo, osamasuzumira pafupipafupi, mpaka magazi analeka. Thonje sindinaligwiritse ntchito chifukwa ulusi wake umatsalira m'bala. Kenako ndinatenga sirinji yopanda singano n'kumathira madziwo kuti mchenga utuluke wokha, osakhula. Pomaliza ndinasungunula Betadine, mankhwala opha tizilombo pabala, gawo limodzi m'magawo 10 a madzi owiritsa ozizira, n'kudonthezapo, ndikusamala kuti asafike m'maso kapena m'kamwa.

Pali zinthu zimene zinali pafupi pomwepo zomwe ndinazisiya dala. Sipiriti ndi hydrogen peroxide zimawotcha minofu imene ikufunika kuti bala lipole. Mafuta opaka pabala amene ali ndi mankhwala ochititsa dzanzi, aja mayina ake amathera ndi "caine" monga lidocaine ndi benzocaine, ndi oopsa kwa kanyama kakang'ono chotere, makamaka poti nalimata amadzinyambita. Pulasitala nayenso ayi: khungu la nalimata ndi lopyapyala, pomata zimayenda bwino koma pomatula umachotsa ndi khungu lomwe. Mankhwala opha ululu a anthu ndiye musawayese n'komwe.

Chinthu china chimene ambiri amachiiwala ndi kutentha. Thupi la nalimata silidzitenthetsa lokha, ndipo akazizidwa sagaya chakudya, mphamvu zolimbana ndi matenda nazonso zimachepa. Ndinaika kotenthetsera pansi pa mbali imodzi ya bokosi, n'kuyeza ndi themometa kuti pansipo pakhale pakati pa madigiri 31 ndi 33. Mbali inayo ndinaisiya yozizirirapo kuti azisankha yekha. Kuyezako n'kofunika kwambiri, poti kotenthetsera kopanda choletsa kupyola muyezo kamawotcha pamimba, ndiye mungachoke pa bala limodzi n'kukhala ndi awiri.

Kutacha ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto wodziwa za nyama zokwawa. Mchira wokha ndikanatha kuuyang'anira kunyumba, koma bala la mano limakhala lakuya kuposa mmene likuonekera, ndipo m'kamwa mwa wolumayo mumakhala tizilombo. Adokotala anapapasa mwendo kuti aone ngati fupa lathyoka, anamuika pasikelo, n'kupereka mankhwala molingana ndi magalamu ake. Anandichenjezanso kuti mafinya a nyama zokwawa ndi olimba, satuluka okha ngati athu. Chizindikiro chake nthawi zambiri ndi kachotupa kolimba, fungo, kuda kwa khungu, kapena kukoka mwendo poyenda. Anati ndikangoona chimodzi mwa izi ndibwerere tsiku lomwelo.

Masiku otsatira anali a ntchito yobwerezabwereza: kusintha mapepala m'mawa uliwonse, kutsuka bala, kupereka mankhwala, kenako kumusiya. Kumusiyako ndiye kunandivuta, chifukwa ndinkafuna kumamuona ola lililonse. Anakana kudya masiku atatu, ndipo ndinada nkhawa poti mchira ndi momwe amasungira mafuta a m'thupi, tsono nkhokwe yake yonse inali itapita. Tsiku lachinayi analandira mphutsi ziwiri zowaza ufa wa calcium. Nkhululu zamoyo sindinkazisiya m'bokosi usiku, chifukwa zimene sanadye zimatembenuka n'kumaluma pachilonda.

Itakwana nthawi yofundula, khungu lakale linakanirira m'mphepete mwa bala ndi ku zala za mwendo womwewo. Sindinalikoke. Ndinamuika m'madzi ofunda pang'ono, ongofika m'mimba, kwa mphindi 10, khungulo n'kufewa mpaka kuchoka ndi kungolikhudza. Zala muzizipenyetsetsa, chifukwa khungu lotsalira limauma n'kumanga chala ngati ulusi, magazi n'kulephera kufikako.

Patatha pafupifupi milungu iwiri, pachitsa panatuluka kansonga kofewa. Pofika miyezi iwiri mchira watsopano unali utakula, waufupi, wonenepa, wosalala, wopanda mizere yozungulira ija. M'kati mwake mulibe mafupa ngati woyambawo, muli chicherewecherewe. Si analimata onse amene amaphukira chonchi: mtundu wa crested gecko wa ku zilumba za New Caledonia m'nyanja ya Pacific akaduka mchira, wadukiratu. Pantchafu panatsala kachipsera koyera kamene kakumka kazimiririka akafundula. Bokosi lachiwiri lagalasi ndinaligula mlungu womwe uja, ndipo awiriwa aliyense akukhala kwake.