Tebulo limayamba kudya usanagulitse kanthu

Zatheka, akuluakulu. Chinthu chimene chandizunguza mutu miyezi itatu yathunthu, masamu odziwira pomwe phindu la bizinesi limayambira, chalowa Lamlungu lapitali, ndipo sichinalowere m'kalasi ayi. Chalowera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golosale ya amalume pa Chitakale ku Mulanje, pomwe madoda amasewerera bawo. Usiku wake ndinagona tulo tofa nato.

Za Artist Alley, malo amene ojambula amagulitsirapo ntchito zawo pa zionetsero, sindifotokoza, anzanga ojambula mukuzidziwa kale, komanso mukudziwa chifukwa chake pulinti ya A4 papepala lolimba imayenda msanga kuposa chojambula chenicheni. Ndingoyambira pomwe vuto linaonekera poyera. Mu Ogasiti anyamata ndi atsikana ena ojambula anabwereka holo ku Blantyre n'kuyesa kachionetsero kakang'ono kotengera comic con, chionetsero cha okonda nthano zojambula ndi makatuni. Ine ndinapita ndi mapulinti 35 a nthano yanga ija ya mtsikana wothyola tiyi amene amamva zolankhula za Napolo. Ndinavalanso ngati Napolo mwini wakeyo: mutu wa makatoni ndi siponji ya matiresi akale, thupi la nsalu yobiriwira ya pa kaunjika imene telala wa pamsika anandisokera mamba ake limodzilimodzi mpaka anayamba kundida. Ndinagulitsa mapulinti 22 pa K4,000 iliyonse. K88,000 m'thumba. Pobwerera pa msewu wa Midima ndinkamuyang'ana kondakitala ngati wantchito wanga.

Nditabweza ndalama ya opulinta yomwe ndinatapa ku golosale, n'kuchotsa ya malo, ya minibasi ndi ya chakudya, ndinatsala ndi K500. Ngongole ya achemwali ya K40,000 yomwe ndinapangira chovala ili chiimire. Ndinawerenga katatu, ndinaganizanso zoti mwina wina anandipisa m'thumba mu Limbe.

Chopweteka n'chakuti nthawi yonseyi ndimapita ku kosi ya bizinesi Loweruka lililonse, ndipo break-even, pomwe zogulitsa zimangokwanira kubweza zonse zimene walowetsa, tinaphunzira sabata yachitatu. Aphunzitsi analemba pabolodi kuti utenge fixed cost (zolipira zosasintha kaya wagulitsa zingati) ugawe ndi zotsala ukachotsa variable cost (zolipira pa chinthu chilichonse chomwe wagulitsa) pa mtengo wogulitsira. Ndinakopera. Ndinaloweza. Pa mayeso ndinakhoza funso limenelo. Koma ndikati ndiikepo mapulinti anga, zonse zinkasanduka phala. Zitsanzo zawo zinali za fakitale ya buledi ndi khola la nkhuku zikwizikwi. Tsiku lina ndinakweza mkono n'kufunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, chovala chimene munthu wavala pogulitsa chikhale mbali iti?" Kalasi yonse inafa n'kuseka, iwo n'kuti tikambe za bizinesi yeniyeni, zamasewera tikachitire kunyumba. Sindinafunsenso.

Ndiye Lamlungu lija amalume, amene sukulu anailekezera Sitandade 6, anandifunsa mwachipongwe kuti bwana wa K88,000 uja bwanji ndikupemphanso ya bandulo. Ndinawafotokozera. Anakhuthula timiyala tonse pa thabwa la bawo, maenje onse 32 n'kukhala opanda kanthu.

"Iwe, pepala limodzi ukagulitsa, utamupatsa wopulinta zake, m'manja mwako mumatsala zingati?"

Kupulinta limodzi ndi K1,500, ndiye ndinati K2,500.

"Basi. Kamwala kamodzi ndi K2,500. Dzenje lililonse ndi pakamwa pofuna kudya. Tiye, tchula amene anadya."

Malo a tebulo K15,000, maenje asanu ndi limodzi. Minibasi popita ndi pobwera pamodzi ndi chakudya K20,000, maenje asanu ndi atatu. Chovala K40,000, maenje 16, mizere iwiri yathunthu, theka la thabwa lonse. Onse pamodzi maenje 30. Kenako anandipatsa timiyala 22 kuti ndiziponya kamodzikamodzi. Timiyala tinandithera m'manja maenje asanu ndi atatu akadali kukamwa yasa.

Pamenepo m'pamene ndinaona. K4,000 ija sinakhalepo yanga ndi tsiku limodzi lomwe. Ngakhale K2,500 ija sinali yanga mpaka maenje onse atakhuta. Tebulo limadya chimodzimodzi kaya wagulitsa pepala limodzi kaya zana. Linadya ndisanatsike n'komwe minibasi. Ine pamene ndinkasangalala ndi kasitomala woyamba, wachisanu, wa nambala 20, ndinali ndikungodyetsa maenje, ndipo phindu langa likanayamba pa kasitomala wa nambala 31 amene sanabwere. Ndikudziwa kuti ena mukuseka kuti zimenezi n'zodziwikiratu. Inenso mawu ake ndinkawadziwa. Koma kudziwa mawu ndi kuona dzenje lopanda kanthu likukuyang'ana si chinthu chimodzi. Fomula ija inkandipatsa nambala 30 ngati yankho la mayeso, pomwe thabwa linandionetsa kuti 30 ameneyo ndi anthu, aliyense ayime, atulutse ndalama, ndipo ndiyambe kumwetulira zenizeni onsewo atadutsa.

Sizinathere pomwepo. Amalume anayang'ana mizere iwiri ya chovala ija nthawi yaitali.

"Chinjoka chakocho unachitaya?"

"Ayi amalume, chili pamwamba pa wadiropu."

"Nanga ukuchilipiritsa tsiku limodzi bwanji? Khasu umagula dzinja lililonse?"

Tinagwirizana kuti chovalacho chingapirire maulendo anayi. Ndiye ulendo umodzi udye K10,000 yokha, maenje anayi m'malo mwa 16. Thabwa linatsika kufika pa maenje 18. Ndinaponyanso timiyala tanga 22 tija, ulendo uno tinayi tinatsala m'manja. K10,000. Tsiku lomwe lija, mapulinti omwe aja, koma kuwerenga kwina ndaluza K20,000, kwina ndapindula K10,000. Nditatsegula kope usiku ndinapeza kuti zimenezi tinalembanso, sabata yachisanu ndi chimodzi, pansi pa mutu wa depreciation, kugawa mtengo wa chida pa nthawi yonse yomwe chigwire ntchito, chitsanzo chake chili thirakitala. Ndani wa ife ali ndi thirakitala?

Chenjezo lake ndalimva ndithu, musandikumbutse. K10,000 imeneyo mulibe m'thumba, ili m'makatoni pamwamba pa wadiropu. Ndikapanda kuvala chovalacho katatu kena, ndiye kuti ndadzinamiza ndekha ndi timiyala.

Komabe njira iyi ndaikonda moti ndayamba kuiona paliponse. Anyamata ogulitsa ndodo ndi timabokosi tosema pa Likhubula, amayi a nanazi m'mbali mwa msewu, wa kabaza amene njinga yake ndi yobwereka, onsewa ali ndi maenje awo odyetsa dzuwa lisanakwere. Ndikanakhala ine woyendetsa maphunziro, kalasi iliyonse ya bizinesi ikanakhala ndi thabwa la bawo, ndipo palibe akanaloledwa kugwira choko asanaponye timiyala. Mnzanga wina wa ku Luchenza akuti spreadsheet, pulogalamu yowerengera ya pafoni kapena pakompyuta, imachita zomwezo mwachangu. Imachita, inde. Koma spreadsheet sikuchititsa manyazi. Selo yofiira pafoni umangoitseka, pomwe dzenje lopanda kanthu pamaso pa madoda asanu amene akudikira thabwa lawo suliiwala.

Ndinayesanso kuika maloto anga pathabwapo, ndipo apa m'pomwe ndinaseka ndekha. Tonsefe timalota Comic Con Africa, imene inayamba mu 2018 ku Kyalami, ku Johannesburg. Kwa ife ndiyo yapafupi mwa zikuluzikulu, poti ya ku San Diego imene yakhalapo kuyambira 1970 ndi Comiket ya ku Tokyo ya 1975 timangoonera pa YouTube bandulo ikalola. Ndinayamba kutchula pakamwa pofuna kudya: pasipoti, basi yodutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pogona, tebulo lolipira m'marandi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse ndi mwala wolemera. Amalume anati ndikabwereke mathabwa a bawo a Chitakale yense. Chimene chinanditonthoza n'chakuti kumeneko kamwala nakonso kangakule, chifukwa pulinti ingagulitsidwe m'marandi momwemo. Ndipo anzathu a ku Lagos sanadikire kuitanidwa, anayambitsa yawo mu 2012. Koma izo n'za tsiku lina.

Kodi chovalacho chinagwira ntchito? Chinagwira, ndipo pano ndimatha kufunsa funsolo molondola: kodi chinabweretsa makasitomala oposa anayi amene sakanaima popanda icho? Ndikukhulupirira kuti inde. Matebulo oyandikana nane ankagulitsa zithunzi za anthu otchuka a m'makatuni a ku Japan ndi m'mafilimu a ku America, ndipo zinkayenda chifukwa ogula amawadziwa kale. Ine mtsikana wanga wothyola tiyi palibe ankamudziwa. Chimene chinkaimitsa anthu ndi chinjokacho. Munthu amafika n'kufunsa kuti "Kodi ameneyu ndi ndani?" Ukati Napolo, nkhope imasintha, aliyense ali ndi nkhani yomwe agogo ake anamuuza, ndipo nkhani ikayamba dzanja limapita lokha m'thumba. Komanso Napolo si wa kampani iliyonse, sindigona ndi mantha a lamulo la kukopera la 2016 ngati anzanga ogulitsa zithunzi za eni ake.

Kuipa kwake, m'kati mwa mutu uja simuoneka kanthu. Chenje sindinkachiona, mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba sindinkatha kuwerenga, thukuta lili kamukamu. Achemwali ndiwo anagwira ndalama tsiku lonse osalipidwa, ndipo ndikulemba pano ndazindikira kuti limenelonso ndi dzenje lomwe sitinaliwerenge. Ena ambiri ankangofuna kujambulitsa nane, kutsekereza tebulo, n'kumapita osagula ngakhale kamodzi. Masana ndinavula mutuwo n'kuuika patebulo, ndipo m'pamene malonda anayenda bwino, poti anthu ankaima chifukwa cha mutuwo koma n'kumalankhula ndi munthu wooneka nkhope. Mwina chofunika ndi mutu wokha, thupi lija ndinangomuvutitsa telala.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti zonsezi zikanatheka mu Juni. Mphindi khumi zokha, aphunzitsi akanangolola funso langa lifike kumapeto. Sindikuti sadziwa ntchito, amadziwa, ndipo silabasi imawathamangitsa monga imatithamangitsira ife. Koma pali kachizolowezi koona ngati bizinesi ndi yokhayo ili ndi sitolo ndi sikelo, pomwe wojambula ndi mwana amene sanakule. Nthawi nayonso ndilibe. Masana ndili ku golosale, kujambula ndi usiku, magetsi akazima ndiye kandulo, Loweruka kosi. Miyezi itatu yomwe ndakhala ndikudziona ngati mbuli ya masamu ndikanamaliza mutu wachiwiri wa nthano ija.

Tsono maulendo atatu otsala aja. Ndinkawerengera Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala, ndi tsiku la mpikisano wa mapotala pa Likhubula mu Julaye, pomwe alendo amadzaza. Koma tsiku lina ndikuyesa chovalacho pabwalo, agogo oyandikana nafe nyumba anaima n'kundiyang'ana osaseka. "Mdzukulu wanga, chimenecho usamachiseweretse. Chinatenga anthu." Sanawonjezere mawu. Kuno namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 si nkhani ya pa wailesi, anthu akuloza pomwe panali nyumba zawo, ndipo ambiri madzi ndi miyala yochokera m'phiri ija amaitchula dzina lomwelo ndalipachika pa makatoni anga. Ku Blantyre chinjokacho chinali chokopa anthu. Pa Chonde, pakati pa anthu ovina tchopa, sindikudziwa ngati ndingalimbe mtima kuchivala, ndipo sindikudziwa ngati n'koyenera. Ndikachisiya, maulendo anayi aja atsala awiri, maenje abwerera.

Palinso mapulinti 13 amene sanagulidwe. Opulinta anadya kale K19,500 yawo. Pathabwa paja sitinawaike paliponse. Amalume akuti chimenecho ndi chimanga cha m'nkhokwe, si ngongole. Mwina. Koma nkhokwe yanga ndi katoni pansi pa bedi, ndipo chinyontho cha kuno kunsi kwa phiri sichinyengerera pepala, atatu ayamba kale kupindika m'makona. Akakhala maenje, ndi pafupifupi asanu ndi atatu ena, ndipo K10,000 yanga ija yapita ndi madzi. Akakhala chimanga, ndiye ulendo wotsatira kamwala kalikonse ka mapulinti amenewo ndi K4,000 yathunthu. Zonse ziwiri zikumveka zoona ndikamaziganiza payekhapayekha. Loweruka ndiyesanso kukweza mkono, kapena ndingonyamula thabwalo m'chikwama, ngati madoda angandibwereke.